Singano ya M'kathumba ka Mchere

At-Bashy, 3 Novembala

Nurperi, kankhosa kanga,

Moni wochokera kwa tayene wako Toktobubu, mayi wa mayi ako, ngati waiwala kale kuti ndine yani. Uli bwanji ku Bishkek uko? Ukudya? Usandinamize, Jyrgalbek wa takisi wandiuza kuti khosi lako latalika ngati la tsekwe. Kuno tili bwino. Chipale chagwa kawiri, nkhosa zatsika kumapiri, malume ako akutsokomola ngati thirakitala yakale. Ndakuikira kuruti, timibulu touma ta chambiko tija, m'thumba, uziluma ukamagulitsa mankhwala musitolomo. Kalata yopanda chakudya ine ndimaiona ngati chipongwe.

Tsono za kafoni kakale kamene unandisiyira kodzaza mabuku olankhula kaja. Mwana iwe, wandiwonongera ntchito! Unati ndiziika tizingwe m'makutu. Ndinayesa tsiku limodzi, mkaka unapserera pachitofu, Gulzada mkazi wa malume ako akukuwa, ine ndili kunkhondo. Pano ndimakaika m'mbale ya tiyi yopanda kanthu kuti mawu akule, ndipo Anarkan ndi Maripa amabwera m'mawa uliwonse ndi ubweya wawo kudzasokera kuno shirdaki, makapeti athu a ubweya aja. Akuti akudzandithandiza. Zaka makumi atatu takhala oyandikana, sanandigwirirepo ngakhale lumo.

Tamaliza awiri. Loyamba ndi lija la mnyamata wa lupanga loyaka moto. Ndifunse nawo, akupha makolo a ana a m'mabukuwa ndani? Mwana aliyense wamasiye! Alibe azakhali, alibe malume, alibe ngakhale tayene mmodzi womukoka khutu n'kumuuza kuti khala pansi iwe, chinjoka si msinkhu wako. Koma chinjokacho ndinachikonda. Chimalankhula mwaulemu kuposa malume ako. Chitafa, Maripa analira mpaka kusoka nyanga ya nkhosa ya pa shirdaki mozondotsa, ndipo akukana kumasula, akuti chikhale chikumbutso.

Lachiwiri ndi la mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Dziko likupsa, mfumu ya mdima yafika pakhomo, iye ali kalikiliki kusankha: wa maso obiriwira kapena wa chipsera patsaya? Maola khumi ndi anayi! Ine agogo ako aamuna ndinawaona kamodzi tisanakwatirane, ali pa hatchi, chakumsana. Anarkan ali mbali ya wachipsera, akuti mwamuna wa chipsera amadziwa ntchito. Ndinamuuza kuti wake uja ali ndi zipsera zinayi ndipo sadziwa ngakhale kumanga mbuzi. Sanandilankhule mpaka tiyi wamasana.

Wowerenga buku loyamba ndi katswiri, amapuma pamene munthu ayenera kupuma, ndipo akafika pa mantha amatsitsa mawu, ife singano zili m'mwamba. Wachiwiriyo ndi bambo wina amene akafika pa mawu a mtsikana amafinya kukhosi ngati mbuzi yopanidwa pachitseko. Ukakumana naye m'basi umuuze kuti akazife sitilankhula choncho.

Tumiza ena msanga, tatsala opanda kanthu. Utumizenso ulusi wofiira, wakuno ukusuluka.

Tayene wako

Bishkek, 12 Novembala

Tayene wokondedwa,

Ndalandira kalata ndi kuruti yemwe. Anzanga a m'chipinda adya theka ndisanavule nsapato. Mawondo ali bwanji ndi kuziziraku? Moni kwa malume ndi azakhali a Gulzada, kwa a Anarkan ndi a Maripa. Kalata yanu ndinawerengera m'basi, ndipo ndinaseka mpaka mayi wina anasamuka pampando.

Mu envelopumu muli ulusi ndi kakhadi. Azakhali akuikirani m'foni. Muli buku limodzi lokha, latuluka dzulo, pa 11. Wolemba wake ndi watsopano, palibe akumudziwa, akudzitcha Torgoi. Ndi nkhani ya mtsikana dzina lake Tumar, amene akadula chithunzi pa ubweya n'kuchisoka, chimadzuka n'kuyenda. Wolembayo ndimamudziwa pang'ono, amagula mankhwala musitolo mwathu.

Tayene, buku ili mundiuze zoona zokhazokha, musamumvere chisoni. A kunyumba yojambulira mawu amufunsa ngati angalembe gawo lachiwiri, ndipo iye sakudziwa ngati ali ndi mphatso kapena akungotaya nthawi. Ndinamuuza kuti ndikudziwa munthu mmodzi amene khutu lake silinama.

Mdzukulu wanu,
Nurperi

At-Bashy, 20 Novembala

Nurperi,

Moni. Tili bwino, kupatula nkhuku imodzi imene yazizidwa zala. Iwe uli bwanji? Ulusi wafika, ndi wabwino.

Buku la Torgoi wakoyo talimva. Talimva kawiri, kuti titsimikize kuipa kwake. Wati ndinene zoona, ndiye gwira mpando.

Ndi buku lonyansa. Lowonda miyendo, lalikulu mutu, palibe munthu angalisirire. Choyamba, hatchi. Tumar wakwera hatchi masiku asanu ndi anayi kuwoloka mapiri, ndawerenga ndi zala, ndipo hatchiyo siinalawe udzu ngakhale kamodzi. Imadya chiyani, mphepo? Chachiwiri, kamtsikanako kasoka shirdaki yathunthu dzuwa lisanalowe. Ine miyezi iwiri, ndi zala zotupa. Maripa akuti ndi matsenga. Ndinati matsenga kapena ayi, m'mphepete muyenera kupindidwa.

Chachitatu, nkhalamba ija ya dzino limodzi, agogo ake a Tumar, imene imatukwana nkhosa iliyonse ndi dzina lake ndipo imamwa tiyi wa anthu osathokoza. Nkhalamba yotere padziko kulibe. Anarkan ikangolankhula amagwa ndi phwete akundiloza ndi singano. Ndinamufunsa kuti ukuseka chiyani, gonthi iwe? Akuti palibe, ndakumbuka zina.

Pamene nkhosa yamphongo ya ubweya wofiira inatuluka mu shirdaki n'kugunda msilikali wa mfumu ya chisanu, Maripa anakuwa kuti "Mugunde kachiwiri!" mpaka Gulzada anathamanga kuchokera kukhola akuyesa moto. Ndiye buku lanji lokuwitsa anthu akuluakulu m'nyumba ya eni? Ndipo lathera pakati penipeni. Tumar waima pa chitseko cha madzi oundana, wina akugogoda mkati, basi, nyimbo. Ndinagwedeza kafoniko ndikuyesa kafa. Munthu wamakhalidwe sasiya alendo pakhomo choncho.

Wowerenga yekha ndiye alibe mlandu. Mayi ameneyo ali ndi mawu ofunda ngati mkate. Anamupatsa zofooka, iye n'kuzinyamula bwino.

Umuuze Torgoiyo zonsezi, usachotsepo. Ndakuikira mafuta a nkhosa, uzipaka pachifuwa.

Tayene wako

At-Bashy, 20 Novembala

Jyldyzkan mwana wanga,

Moni ku Moscow uko. Msana uli bwanji ndi makina osokerawo? Kalatayi Gulzada aijambula pa foni yake n'kukutumizira. Ndilibe nkhawa, amati zolemba zanga zili ngati mapazi a nkhuku pa chipale, sangawerenge.

Khala pansi. Mwana wako wabereka. Usakuwe, si mwana wa miyendo. Wabereka buku! Wanditumizira n'kunama kuti walemba munthu wina wogula mankhwala. Kundinamiza ine, amene ndinamuchotsa mamina zaka zisanu ndi zitatu!

M'chaputala chachitatu kamtsikana kathyola singano yaikulu ya agogo ake, n'kubisa zidutswa m'kathumba ka mchere, n'kunena kuti yatengedwa ndi khwangwala. Jyldyzkan, ndinadzibaya chala mpaka magazi. Chaka chimene unapita ku Moscow koyamba, Nurperi ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, singano yanga ija ya malemu amayi inasowa. Iye anati waona khwangwala pawindo. Patapita sabata ndinaipeza mumchere, zidutswa ziwiri. Sindinauze munthu, mwanayo anali kulira kale usiku ndi usana chifukwa cha iwe. Ndinkatukwana makwangwala chaka chonse iye akumva. Tsono wogula mankhwala wa ku Bishkek angadziwe bwanji za mchere wa m'nyumba mwanga?

Sindikutamanda ayi, tfu, tfu, tfu, ndikungokuuza. Ndi buku lonyansa kwabasi. Lonyansa moti dzulo ndinaiwala kupemphera masana.

Ukudziwa chimene ndikuchita. Nurperi atabadwa ndinamupaka mwaye pachipumi, ndipo aliyense wolowa ndinkamuuza kuti onani kachule aka, mpaka masiku makumi anayi anakwana. Diso loipa linamudutsa. Mchimwene wake uja, woyamba wako, ndine ndinatsegula pakamwa tsiku lachitatu n'kunena kuti wokongola ngati mwezi. Zotsatira zake ukuzidziwa, sindilemba. Kuyambira pamenepo mawu amenewo sanatulukenso mwa ine.

Bukuli labadwa pa 11 Novembala. Tsiku la makumi anayi ndi 20 Disembala. Ndikumanga mfundo pa ulusi m'mawa uliwonse. Anarkan ndi Maripa ndawauza, nawonso akulinyoza mokhulupirika. Likakwana tsikulo ndipha nkhosa, ndimuitana, amve zonse pamaso pa anthu. Koma iwe usamuuze. Lumbira pa mkate.

Mayi ako

Bishkek, 28 Novembala
(Iyi inandipeza ine Toktobubu pa 13 Disembala. Galimoto ya Jyrgalbek inafera ku Kochkor masabata awiri, kalata ili m'thumba la kuchitseko.)

Tayene,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Mafuta ndalandira, zikomo.

Torgoi ndine. Palibe wogula mankhwala. Ndinaopa kuti mukadziwa mundimvera chisoni, ndiye ndinabisa. Musadandaule, ndinapempha zoona ndipo mwandipatsa.

Ndalemba bukuli zaka zitatu, m'mawa sitolo isanatsegulidwe. Anthu ena alembapo zabwino pa intaneti, koma amenewo sanakumveni inu mukusimba nkhani uku mukupota ubweya. Chilichonse chimene ndimadziwa cha mmene nkhani imayendera ndinachimva pakamwa panu. Ngati khutu lanu lamva kuti ndi lofooka, ndi lofookadi. Za nkhalamba ija mundikhululukire, sindinafune kukunyozani.

Amayi akhala akundiitana kwa nthawi yaitali. Kumene amasokako kuli malo. Ndagula tikiti, ndinyamuka pa 17 Disembala. A kunyumba yojambulira mawu ndiwayankha ndisanakwere ndege kuti gawo lachiwiri kulibe, ndipo loyambali alichotse. Sindikwanitsa kubwera kudzatsanzika, msewu ndi woipa. Mabuku ena ndizikutumizirani, olembedwa ndi odziwa.

Nurperi

At-Bashy, 6 Disembala

Iwe Nurperi,

Moni, ngati ukadali moyo. Masabata awiri zii! Dzanja lathyoka? Jyrgalbek akuti wamatirira ku Kochkor ndi chigalimoto chake, ndiye iyi ndapatsira wonyamula nyama. Anarkan akuti kachetechete wa mtsikana ndi mnyamata basi. Ngati ndi choncho ndiuze msanga: wa maso obiriwira kapena wachipsera? Bola akhale ndi makolo.

Kuno nyumba yachepa. Tsopano tilipo akazi asanu ndi anayi, ndipo mwamuna wa Maripa amabwera kudzanamizira kukonza chitofu chimene sichinawonongeke. Onse abwera kudzamva kuipa kwa buku la Torgoi. Talimva kasanu. Likuipiraipira. Dzulo tinakangana za amene akugogoda kuseri kwa chitseko cha madzi oundana. Maripa akuti chinjoka, iye chilichonse chinjoka. Anarkan akuti mnyamata. Mwamuna wa Maripa anatulutsa mutu m'chitofu n'kunena kuti ndi hatchi ija, ikufuna udzu.

Umuuze Torgoi alembe gawo lachiwiri, tione ngati angathe kuipitsa kuposa apa. Ndipo pa 20 mwezi uno ubwere kuno, ndili nawe ntchito. Usafunse.

Tayene wako

At-Bashy, 13 Disembala

Jyldyzkan,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinakubala. Kalata ya mwana wako yafika lero, yanunkha mafuta a galimoto. Akuti akubwera kwa iwe pa 17, buku alifafaniza. Iwe umadziwa! Wamukonzera bedi uko, ukudziwa bwinobwino chifukwa chimene ndinkanyozera, n'kukhala chete?

Ndamuimbira pa foni ya Gulzada. Akuti, "Tayene, ndili ndi makasitomala," n'kudula. Ndipo akanapanda kudula ndikanati chiyani? Mfundo zili makumi atatu ndi zitatu. Ndege ikunyamuka kutatsala masiku atatu okha. Atatu! Ndiyankhe lero lomwe.

Mayi ako

Moscow, 13 Disembala, pa foni ya Gulzada

Apa,

Moni amayi anga, ndipo musakwiye mpaka kudwala. Munandilumbiritsa pa mkate kuti ndisanene, ndiye sindinanene.

Koma sindikubisirani, nditamva kuti akubwera ndinavina m'khitchini. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi mwana wanga ndimamuona milungu iwiri pachaka. Munamulera ndinu, kenako sukulu, kenako Bishkek. Ine ndinatsala ndi zithunzi. Kuno adzadya, adzavala, adzagona chipinda chimodzi ndi mayi ake. Buku limupatsa chiyani?

Ngati mukufuna akhale, muuzeni nokha. Ndi mawu awiri basi. Mwana wanga woyamba anapita ndi chifuwa, Apa, m'nyumba yozizira, msewu utatsekeka. Sanapite ndi pakamwa panu. Ndakuuzani kangati?

Jyldyzkan

At-Bashy, 14 Disembala

Nurperi, kankhosa kanga,

Moni. Sindikufunsa ngati uli bwino, ndikudziwa suli bwino. Kalata yako inagona ku Kochkor, yafika dzulo. Jyrgalbek ndamuuza kuti iyi akupatse m'manja lero lomwe, akalephera ndikauza amayi ake za fodya amene amabisa pansi pa mpando.

Mayi ako kwa zaka makumi anayi ndi zisanu sanandimverepo. Ndinati asadule tsitsi, anadula. Ndinati asakwatiwe ndi bambo ako, anakwatiwa. Tsiku limodzi lokha limene ndinafuna kuti aphwanye mawu anga, wasunga ngati mwana wabwino. Koma za iye zisiye, mlandu ndi wanga.

M'thumbamu mulibe kuruti. Muli kathumba ka mchere. Katsegule pa mbale, usataye.

Waona? Ndinazipeza patangopita sabata. Makwangwala a ku At-Bashy ndawatukwana popanda chifukwa, Mulungu andikhululukire. Ndiye unkayesa kuti ungandibisalire kuseri kwa Torgoi? Ndinakudziwa m'chaputala chachitatu, ndisanalembe liwu limodzi la kalata ija.

Tsopano tchera khutu, chifukwa pali zimene sindinganene. Funsa mayi ako zimene ndinkakutcha uli wakhanda. Ndinkati kachule. Ndinkati kowonda miyendo, kakakulu mutu, palibe angakasirire. Mawu amenewa sunawaonepo penapake posachedwa? Ndi chiyani chimene munthu amachinyoza masiku makumi anayi, n'kumachiyang'anira osaphethira? Unapita kusukulu zaka khumi ndi zisanu, ine zinayi. Werengera wekha kuyambira pa 11 Novembala.

Mayi ako akuti diso loipa kulibe. Mwina kulibe. Iye amakhala kumene kuli madokotala pakhomo. Koma ine ndinatamandapo chinthu chimodzi nthawi isanakwane, n'kuchinyamula ndekha kupita nacho kuphiri. Ukhoza kundida, koma sindiyesanso ndi chako. Patsala mfundo zisanu ndi imodzi.

Ngati ukufuna kupita kwa mayi ako, pita, akukusowa zoona, sindikutsekera njira. Koma anthu ojambula mawu aja usawayankhe kuti ayi chifukwa cha pakamwa panga. Pakamwa panga panali pa ntchito.

Tayene wako, wa mano asanu ndi anayi, osati limodzi

Bishkek, 16 Disembala

Tayene!

Moni, moni, moni kwa nonse! A Jyrgalbek analowa musitolo akuthamanga, chipewa chili m'manja, akuti sachoka mpaka nditsegule iwo akuona. Mchere unamwazika pa kauntala yonse. Nditaona zidutswa ziwirizo ndinakhala pansi penipeni, pa simenti. Mayi wina wofuna mankhwala a mutu anandipatsa kansalu kake n'kundifunsa kuti wamwalira ndani.

Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndimayesa kuti munakhulupirira za khwangwala! Ndipo makalata anu aja ndawawerenganso. Munamvera kawiri, kenako kasanu, ine osaona. Tayene, mwana amapakidwa mwaye, inde, koma ndani anamvapo za kupaka mwaye buku?

Tikiti ndasintha, ndidzapita mwezi wa Malichi kukacheza mwezi umodzi. Amayi analira, kenako anati bola ndibwere ndi kuruti. A kunyumba yojambulira mawu sindinawayankhe. Ndiwayankha ndikamva ndi makutu anga. Ndifika pa 20. Musanene kanthu mpaka pamenepo, ndikudikira.

Kachule wanu

At-Bashy, 21 Disembala

Jyldyzkan mwana wanga,

Moni. Msana uli bwanji? Mkwiyo wanga watha, wako sindikudziwa. Tamvera zadzulo, chifukwa Gulzada akakuuza yekha awononga.

Ndinamanga mfundo ya makumi anayi m'mawa, malume ake a Nurperi n'kupha nkhosa yamphongo yakuda ija. Boorsoki, timandasi tathu tija, tinakazinga makumi anayi oyamba a ana a m'mudzi, monga mwa mwambo, kenako beseni lonse la akuluakulu. Anthu anadzaza mpaka m'khonde. Takisi itaima, Jyrgalbek analiza hutala ngati wabweretsa mkwatibwi. Mwana wako anatsika atavala kajekete kopyapyala ka m'tauni, mphuno ili psuu.

Anarkan anamugwira masaya onse awiri. "Iwe, tandiuza msanga ndisanafe, akugogoda ndani?"

"A Anarkan, mulekeni avule nsapato," anatero Gulzada.

"Nsapato avula chaka chamawa! Ndi mnyamata eti?"

Tinafika pa kusambitsa. Mwana wa masiku makumi anayi amasamba masupuni makumi anayi a madzi ofunda, aliyense kuthira yake. Maripa ananyamula kafoni kuti akaike m'beseni. Gulzada anakuwa ngati wapondedwa ndi ng'ombe. Tinakangana, ena akuti tingowaza, ena akuti tikulunge m'pulasitiki. Ndinati khalani chete nonse, foni siinabereke kanthu. Ndinakoka Nurperi, n'kumupinda manja a juzi, n'kuika manja ake m'beseni. Tinathira mmodzimmodzi, tikuwerenga mokweza. Mwamuna wa Maripa anathira ziwiri, akuti ina ndi ya hatchi. Supuni ya makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi ndinathira m'dzina lako. Yomaliza yanga.

Kenako onse anandiyang'ana. Jyldyzkan, masiku makumi anayi ndakhala ndikukonza mawu. Ndinali ndi zonena za nkhosa yofiira, za mmene mwanayo amadziwira poimitsa nkhani kuti womvera aiwale kumeza, za mfumu ya chisanu imene imandiopsa ngakhale ine. Ndinaimirira, ndinatsegula pakamwa, zonse zinathawa. Ine, Toktobubu, amene sindinasowepo chonena chibadwire!

Nurperi anati, "Tayene, manja akuzizira."

Ndiye chinatuluka chimene chinatuluka. Ndinati, "Ndi lokongola ngati mwezi."

Zaka makumi awiri ndi zisanu mawu amenewo ali pakhosi panga ngati fupa. Denga silinagwe. Moto unapitiriza kuyaka. Maripa anayamba kulira, enanso n'kulandira, mpaka ndinawakalipira kuti nyama ikuzizira.

Titadya, mwana wako anatuluka panja pamene foni imagwira bwino, akazi asanu ndi anayi ali pambuyo pake m'chipale, n'kuimbira anthu aja. Atanena kuti inde, Anarkan analanda foni n'kuwauza kuti wowerenga akhale mayi yemweuja, asayerekeze kubweretsa bambo wa mbuzi yopanidwa.

Tsono iwe. M'mawa uno tikupinda zofunda Nurperi wandinong'oneza amene akugogoda kuseri kwa chitseko cha madzi oundana. Si chinjoka, si mnyamata. Sindikuuza, ndalumbira. Koma Gulzada akutumizira bukulo lero. Uike tizingwe m'makutu ukamasoka, makina sapserera ngati mkaka. Ukafika pamene akusimba za mayi ake a Tumar, amene anawoloka mapiri mwana ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, uimitse makinawo ungadzisoke chala. Ukamaliza undilembere, ndimve ngati ukufunsabe kuti buku limupatsa chiyani.

Nurperi atakwera takisi anatulutsa mutu pawindo. "Tayene, ndiye zonse munalemba zija zinali za mwaye basi?"

Ndinati zonse, kupatula hatchi. Za hatchi ndimanena zoona. Walumbira pa mkate kuti m'gawo lachiwiri idya.

Mayi ako